RAM Yanu Sinabedwe

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi, yakuti kompyuta yokhala ndi RAM ya 8 GB (RAM ndi kachipangizo komwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zinthu zomwe ikugwiritsa ntchito) ikamagwiritsa ntchito 3 GB yokha, ndiye kuti wokonza anaba kapena RAM ndi yabodza. Zanditopetsa.

Kawirikawiri vuto limakhala Windows ya 32-bit (mtundu wakale wa Windows, winawo ndi wa 64-bit), yomwe singathe kugwiritsa ntchito zoposa 4 GB, ndipo pa 4 GB yomweyo zipangizo zina zimatengakonso gawo. Malaputopu ambiri amapatulanso RAM ina kuti izithandiza kuonetsa zithunzi.

Dzionereni nokha. Tsegulani pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Task Manager, pitani pa Performance, kenako Memory, muwerenge Hardware reserved, pomwe pamaonetsa RAM yomwe yapatulidwira zipangizo za mu kompyuta. Pa Settings, System, About mupeza ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Nthawi zina RAM imangokhala kuti sinalowe bwino, kuizula n'kuibwezeretsa kompyuta itazimitsidwa kumathandiza.

Chonde, musauze anzanu kuti aberedwa musanaone zimenezi.