Masiku 8 a Tomasi

Pali funso limene anthu sandifunsa pagulu. Amadikira kuti ena onse atuluke m'tchalitchi, n'kuyandikira, n'kutsitsa mawu: "Abusa, ndikamapemphera ndimangoona ngati mawu anga akuthera padenga. Kodi ndidakali Mkhristu?" Ambiri mwa ofunsawo ndi anthu amene mpingo umawadalira, oimba kwaya, aphunzitsi a ana, ngakhale akulu a mpingo. Amabwera ndi manyazi ngati agwidwa akuba.

Ndisanayankhe, ndimayamba ndafunsa kuti zinayamba liti. Yankho lake limandiuza zambiri, chifukwa chimene timangochitcha kukayika chimachokera kosiyanasiyana. Wina wawerenga kapena wamva zinazake ndipo mutu wake uli ndi funso lenileni lofuna yankho. Wina waika maliro a mwana amene anamupempherera usiku ndi usana, ndiye ngakhale mawu ake akumveka ngati funso, chomwe chilipo ndi bala. Munthu wotere ukamupatsa mfundo za m'mabuku umangomuthira mchere pachilonda. Winanso wangotopa. Eliya atapambana pa phiri la Karimeli anathawa Yezebeli, n'kukagona pansi pa kamtengo m'chipululu, akupempha kuti afe. Pa 1 Mafumu 19, mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamupatsa chakudya ndi madzi, n'kumusiya agonenso. Nanenso ndikapeza munthu amene wakhala milungu yambiri osagona bwino, osafuna kudya, osasangalala ndi kalikonse, ndimapemphera naye komanso ndimamuuza kuti akaonane ndi adokotala. Matenda a maganizo amatha kuphimba pemphero ngati mtambo, ndipo kulandira chithandizo si kukana Mulungu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri anauzidwa kuti kukayika kulikonse ndi tchimo, mwinanso chiwanda. Amene amaphunzitsa zimenezi amathamangira pa Yakobo 1:6, pamene wokayika akufanizidwa ndi funde la m'nyanja lotengeka ndi mphepo. Koma werengani mpaka ndime 8. Yakobo akunena za munthu wa mitima iwiri, ndipo mawu omwewo akuwabwereza pa 4:8 polankhula kwa anthu ofuna kukhala abwenzi a Mulungu ndi a dziko nthawi imodzi. Ameneyo ndi munthu amene sanasankhe mbali. Mayi amene akulira m'ofesi mwanga chifukwa Mulungu wakhala chete anasankha kalekale, n'chifukwa chake zikumupweteka.

Mateyu akugwiritsa ntchito liwu lina la Chigiriki, distazo, lonena za munthu amene waima pakati, osadziwa koponda. M'Chipangano Chatsopano chonse limapezeka kawiri kokha. Koyamba ndi pa 14:31, Petro akumira, Yesu atamugwira kale dzanja. Kachiwiri ndi pa 28:17. Ophunzira 11 aja ali paphiri ku Galileya, akuona Yesu wouka kwa akufa ndi maso awo, akumulambira, ndipo Mateyu akulemba mosabisa kuti ena anakayika. Yesu sanawapatule okayikawo. Anayandikira, n'kuwatuma onse kukaphunzitsa mitundu yonse.

Tsono tibwere kwa Tomasi, amene dzina lake linasanduka mwambi wa kusakhulupirira. Ine ndimaona kuti timamulakwira. Pa Yohane 11:16, Yesu atanena zobwerera ku Yudeya kumene ankafuna kumuponya miyala, ndi Tomasi amene anauza anzake kuti tiyeni tipite tikafe naye limodzi. Sanali wamantha. Anali munthu wosafuna kunamizira. Anzake atamuuza kuti aona Ambuye, iye ananena poyera kuti sakhulupirira mpaka ataona ndi kukhudza mabala a misomali.

Pamene ndimafuna muyang'anitsitse ndi pa Yohane 20:26. Patapita masiku 8, ophunzira analinso m'nyumba, ndipo Tomasi anali nawo. Taganizirani sabata imeneyo. Anthu 10 akusangalala, akungokamba nkhani imodzimodzi m'mawa ndi madzulo, iye yekha mtima uli zii. Kunali kosavuta kuti anyamuke azipita, poganiza kuti malo ake mulibenso. Sanachoke. Anzakenso sanamuthamangitse kapena kumukakamiza kuti avomere zimene sanazione. Yesu atabwera anamupeza pomwepo, pakati pa abale, ndipo m'kamwa mwa Tomasi yemweyo munatuluka mawu akuti, "Ambuye wanga ndi Mulungu wanga."

Pa anthu amene ndawaona akusiya chikhulupiriro, ochepa kwambiri anagwetsedwa ndi funso lovuta. Ambiri anayamba n'kubisa. Anaona kuti sangauze aliyense, kenako kukhala pakati pa anthu oimba mokondwa kunayamba kuwalemera, Lamlungu limodzi n'kujomba, lachiwiri, mpaka chaka. Choncho munthu akandiululira kuti akukayika, ndimamupempha kuti asasowe pakati pathu, ngakhale azingokhala kumbuyo osaimba, ndiponso kuti apeze Mkhristu mmodzi wokhwima amene angamuuze zoona zake osaweruzidwa. Yuda ndime 22 ikulamula mpingo kuchitira chifundo okayika. Ntchito imeneyi ndi yathu tonse, osati ya abusa okha.

Nanga upemphera bwanji pamene sukudziwa ngati alipo akumva? Bwerekani mawu. M'buku la Masalimo muli nyimbo 150, ndipo zambiri mwa izo ndi madandaulo. Salimo 13 likufunsa Mulungu kanayi konse kuti mpaka liti. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima, popanda mawu otonthoza kumapeto, koma Aisraeli sanalichotse m'buku lawo la nyimbo. Yesu pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22. Ndipo bambo uja wa mwana wodwala pa Marko 9:24 anatisiyira pemphero lalifupi limene ine mwini ndalinena usiku wambiri: "Ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga." Yesu anamuchiritsira mwana ali ndi chikhulupiriro chosweka chomwecho.

Sindingakulonjezeni kuti masiku anu adzakhala 8 okha. Mayi Teresa wa ku Calcutta anamwalira mu 1997, ndipo makalata ake atasindikizidwa mu 2007 anthu anadabwa kumva kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankaona ngati Mulungu wamutalikira. Zaka zonsezo ankadzuka m'bandakucha kukapemphera, n'kupita kukasamalira odwala ndi ongotsala pang'ono kufa. Apa m'pamene timaona kuti chikhulupiriro ndi kutentha kwa mumtima ndi zinthu ziwiri. Kutenthako kumabwera n'kupita. Kukhulupirira ndi kumamatira kwa Khristu ndi kuchita zimene ananena, mtima ukumva kapena usakumva.

Yohane Mbatizi, yemwe analoza Yesu pa Yordano n'kumutcha Mwanawankhosa wa Mulungu, atatsekeredwa m'ndende ndi Herode anatuma ophunzira ake kukafunsa: kodi ndinu amene tinkayembekezera uja, kapena tidikire wina? Funso lakelo sanakalikambe kumbali, analitumiza kwa mwini wake. Yesu anayankha pomuuza zimene zinkachitika, akhungu akuona, olumala akuyenda, osauka akumva uthenga wabwino. Amithengawo akuchoka, anatembenukira khamu la anthu n'kunena, monga tikuwerengera pa Mateyu 11:11, kuti mwa obadwa kwa akazi sipanaoneke wamkulu woposa Yohane. Chitseko cha ndende sichinatseguke. Yohane anafera momwemo, atalandira yankho lokhalo limene ophunzira ake anabwera nalo.