"I work" ndi "I am working", yankho lili kale mu Chichewa chathu

Ndimaphunzitsa Chizungu kwa akuluakulu madzulo kuno ku Joni, ndipo ambiri mwa ophunzira anga ndi akwathu konkuja, ena amagwira m'magadeni ku Randburg, ena m'nyumba za mabwana, ena m'mashopu ku Mayfair. Pafupifupi sabata iliyonse wina amandifunsa kuti aphunzitsi, nanga "I work" ndi "I am working" zikusiyana pati? Ine ndimawabwezera funso, kodi "ndimagwira" ndi "ndikugwira" n'chimodzimodzi? Onse amati ayi. Ndiye basitu abale anga, theka la nkhaniyi munalidziwa muli pamsana pa mayi anu.

Ka -ma- kathu kaja ndi ka zinthu za masiku onse, chizolowezi, kapena zomwe zimangokhala choncho. Pa Chizungu imeneyo ndi simple present: "I work in Randburg", "I send money home every month". Ka -ku- ndi ka zomwe zikuchitika panopa kapena masiku ano okha, imeneyo ndi present continuous, mumatenga am, is kapena are kenako mneni nkumuikira -ing kumapeto: "I am waiting for a taxi at Bree". Ndiye madamu akakuimbirani foni kuti muli pati, yankho ndi "I am coming". Chonde am ameneyo musamusiye panjira, "I coming" ndi chiganizo cha mwendo umodzi.

Kenako pali ka s kamene kamatizunza tonse. Ife munthu timamuonetsa kutsogolo kwa mneni, ndi-, u-, a-, ti-, pomwe Chizungu mu simple present chimangoika ka s kumapeto pa he, she ndi it basi: "she works", "he goes", "my brother has a job". Koma mukafunsa kapena kukana ka s kaja kamasamukira pa does, ndiye ndi "Does she work?" komanso "he doesn't work", osati "he doesn't works".

Tsopano pomwe Chichewa chimatigwetsa, ndipo apa ndikufuna mumvetsetse chifukwa ndi pomwe ndimamva zolakwika zambiri ngakhale kwa anthu omwe anafika Fomu 4 nkukhoza MSCE bwinobwino. Ife timati ndikudziwa, ndikufuna, ndikumvetsa, ndikukhulupirira, zonsezi ndi ka -ku-, ndiye munthu amangoti "I am knowing", "I am wanting". Koma aneni a zomwe zili mumtima kapena m'mutu nthawi zambiri satenga -ing pa Chizungu, ndiye ndi "I know", "I want", "I understand", "I believe". Have nayenso akamatanthauza kukhala ndi chinthu samafuna -ing, "I have two children". Mukati "I am having" ndiye kuti mukudya kapena pali chomwe mukuchita, monga "I am having lunch".

Pa intavyu funso lomwe silimalephera ndi loti mwagwira ntchito imeneyi nthawi yayitali bwanji, ndipo ambiri amayankha "I am working here since 2019". Bwana amvabe inde, koma zimandipweteka mtima chifukwa Chichewa chathu chili nayo ndendende njira yake, "ndakhala ndikugwira". Ndakhala ndi "I have been", ndikugwira ndi "working", phatikizani: "I have been working here since 2019". Since ndi wa pomwe munayambira, chaka kapena mwezi kapena tsiku, pomwe for ndi wa kutalika kwa nthawiyo, "for five years". "Ndamaliza" pa Chizungu ndi "I have finished", koma mukangotchula yesterday have uja achoke, "I finished yesterday".

Za kuno nazo ziliko. Mumva anthu akuti "I'm busy cooking" pomwe sakutanthauza kuti atanganidwa kwenikweni, akungoti ndikuphika, ndi kalankhulidwe ka ku South Africa ndipo mutha kutero polankhula, koma pa kalata yofunsira ntchito ndimalangiza kuti musalembe choncho. Ndipo present continuous yomweyi imagwiranso pa zomwe mwakonza kale za mtsogolo, ngati momwe ife timanenera kuti ndikupita kumudzi mu Disembala ngakhale tidakali mu Okutobala. Tikiti ya basi ikakhala m'thumba, auzeni bwana kuti "I am going home in December".