Mayina a Akapolo Ali M'mabuku a Ndalama

Anthu ambiri amati akapolo a m'minda ya nzimbe ku Caribbean anafa osasiya ngakhale dzina, chifukwa sankaloledwa kuphunzira kulemba. Zoti ambiri sankalemba n'zoona, koma mayina awo sanafafanizike onse. Mwini munda ankawerengera munthu ngati mmene amawerengera ng'ombe, ndipo umbombo womwewo ndi umene unasunga mayinawo.

Taonani munda wa Mesopotamia, kumadzulo kwa Jamaica. Eni ake, banja la Barham, ankakhala ku England, choncho akapitawo ankawatumizira kaundula chaka ndi chaka: dzina la kapolo, ntchito yake, thanzi lake, ndipo kenako ndi zaka zomwe. Makalatawa akusungidwa ku Bodleian Library ku Oxford, ndipo katswiri wa mbiri yakale Richard Dunn anatsatiramo miyoyo ya anthu oposa 1,000 pakati pa 1762 ndi 1833. Ukawerenga mabukuwo motsatana, umaona mtsikana akuyamba kupalira, kulowa m'gulu lodula nzimbe, kubereka, kenako n'kulembedwa kuti "wofooka". Omwalira ankaposa obadwa, n'chifukwa chake eni munda ankangogulabe anthu ena.

Komatu wolemba anali kapitawo, osati kapolo. Dzina la m'buku nthawi zambiri linali lopatsidwa ndi mzungu, mwina losiyana ndi limene mayi ankaitanira mwana wake madzulo. Mawu oti "waulesi" akhoza kubisa matenda kapena kukana dala ntchito. Bambo wa mwana kawirikawiri sankalembedwa n'komwe, popeza ukapolo unkatsata mayi.