Alendo odzipereka ku Philippines: kuchokera pa sitima ya Thomas mpaka Peace Corps

Mu Ogasiti 1901 sitima ya pamadzi ya asilikali a ku America, yotchedwa Thomas, inakocheza padoko la Manila, m'zilumba za Philippines, itanyamula aphunzitsi oposa 500. Nkhondo n'kuti isanathe. Dziko la America linali litangotenga zilumbazi m'manja mwa Spain pa pangano la ku Paris mu Disembala 1898, litalipira madola 20 miliyoni, ndipo eni nthaka, omwe ankaona ngati ufulu wafika, anali kumenyana ndi mtsamunda watsopanoyo. Aphunzitsi aja, amene mpaka lero amatchedwa Thomasites potengera dzina la sitimayo, anawamwaza m'zigawo kuti akaphunzitse ana m'Chingerezi, malinga ndi lamulo la maphunziro lomwe linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa chaka chomwecho.

Zaka 60 zitadutsa, kunabweranso gulu lina la achinyamata a ku America. Pulezidenti John F. Kennedy anakhazikitsa Peace Corps, bungwe lotumiza anthu odzipereka kukathandiza m'mayiko ena, mu Malichi 1961, ndipo pofika Okutobala gulu loyamba la anthu oposa 120 linali litatera kale ku Philippines. Ndi bungwe lomweli limene linayamba kutumiza anthu kuno ku Malawi mu 1963. Ku Philippines ntchito yawo inali yothandizira aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale pa Chingerezi, masamu ndi sayansi.

Mavuto anayambira pa ntchito yomweyo. Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma alendo awa ambiri anali atangotuluka kumene ku koleji, opanda maphunziro a uphunzitsi, pamene mphunzitsi wa ku Philippines amene ankati akamuthandize anali ndi satifiketi yake komanso zaka zambiri pa bolodi. Nanga wothandizirayo azichita chiyani? Ambiri anadandaula kuti apatsidwa ntchito yosaoneka mutu wake. Mphunzitsi wamkulu ankawalandira ndi ulemu wonse, kuwakhazika pa mpando wapamwamba pa mwambo uliwonse, koma maganizo awo a kaphunzitsidwe katsopano ankangovomerezedwa pakamwa, mawa lake zinthu n'kuyenda monga kale.

Chimene chinawasokoneza kwambiri ndi Chingerezi chomwe chija cha a Thomasites. Popeza mphunzitsi, meya ndi wansembe onse ankachilankhula bwino, mlendoyo ankaganiza kuti akumvana. Akafunsa kuti msonkhano uchitika Lachisanu, n'kuyankhidwa kuti inde, iye ankalemba m'kabuku. Sankadziwa kuti inde wina amatanthauza kuti ndakumvani chabe, kapena kuti sindikufuna kukukhumudwitsani pamaso pa anthu. Nkhani yovuta siinkanenedwa maso ndi maso. Inkadzera mwa munthu wachitatu, ndipo mlendo amene wadzudzula mnzake wa pa ntchito pagulu ankadabwa kuona sukulu yonse yamuzizirira.

Kunyumba nako kunalibe pobisala. Munthu woti anazolowera kutseka chitseko n'kumawerenga buku payekha ankapezeka kuti ana a m'mudzi adzaza pawindo, ndipo mayi wa pakhomopo akuda nkhawa kuti mlendo wawo wadwala kapena wakwiya. Kukhala wekha kumeneko n'chinthu chomvetsa chisoni, choncho ngakhale ulendo wa kumsika ankamupatsa womuperekeza, makamaka akakhala mtsikana. Panjira aliyense ankamufunsa kuti “Saan ka pupunta?”, kufuna kudziwa kumene akupita, iye n'kumafotokoza ulendo wonse mwatsatanetsatane, pamene yankho loyenera ndi lakuti pompano apa basi. Ana ankamukuwa kuti “Joe”, dzina lotsalira kwa asilikali a ku America. Akadutsa pamene anthu akudya ankaitanidwa, ndipo pa tsiku la fiesta, chikondwerero cha woyera mtima wa mudziwo chomwe chinabwera ndi Asipanishi, ankayenera kudya nyumba iliyonse imene walowa. Pasanapite nthawi wina ankamupempha kuti akhale ninong kapena ninang, kutanthauza bambo kapena mayi woimirira mwana wake pa ubatizo, ndipo ubale umenewo sutha pa tsiku la ubatizolo, umafuna mphatso pa Khirisimasi ndi dzanja pa nthawi ya mavuto.

Pofuna kumvetsa zonsezi, alendo a m'zaka zimenezo ankadalira kwambiri zolemba za Frank Lynch, wansembe wa Chijezuiti wochokera ku America yemwe anayambitsa Institute of Philippine Culture pa yunivesite ya Ateneo de Manila mu 1960. Iye ankati chimene anthu a ku Philippines amachiika patsogolo ndi kukhala bwino ndi anzawo popanda kukhulana, ndipo mawu monga pakikisama, kutsata zofuna za gulu, ndi hiya, manyazi, analowa m'maphunziro okonzekeretsa alendo. Zinathandiza ndithu, chifukwa mlendo anasiya kuona inde uja ngati bodza.

Koma eni ake sanakhutire. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa za maganizo a anthu, Virgilio Enriquez wa pa University of the Philippines, anatsutsa kuti zimene Lynch anafotokoza ndi za pamwamba chabe, ndiwo makhalidwe amene munthu amaonetsa kwa wakunja, makamaka wakunja wochokera ku dziko lomwe linamulamulira mpaka 1946. Iye anati tsinde lake ndi kapwa, kuona mnzako ngati mbali ya iwe mwini, ndipo munthu amene walowa m'kati mwa banja amauzidwa zoona popanda kuzungulira. Ine ndikuona kuti Enriquez anakhudza pamene panali chilonda. Kumwetulira kumene mlendo ankakumana nako m'miyezi yoyamba kunali kwa anthu amene sanadziwebe kuti amuike pati.

Ndale nazo sizinawasiye alendowa. Pa nthawi imene America inali ndi malo a asilikali ku Clark ndi Subic Bay, ena ankawakayikira kuti ndi akazitape. Mu 1990 zigawenga za chikomyunizimu za New People's Army zinagwira mmodzi wa iwo pa chilumba cha Negros, ndipo Peace Corps inachotsa anthu ake onse m'dzikomo. Wogwidwayo anamasulidwa patatha milungu ingapo, koma bungwelo linabwereranso mu 1992.