Chikwama cha madola 4 chikamafika pa Kamuzu Road

Mayi wina amene ali ndi shopu ya zovala za ana pa Kamuzu Road anandipeza ndikumwa tiyi pakhonde la ofesi, foni ili m'manja, nkhope ili mwee. "Achimwene, taonani izi. Chikwama chomwechi ku Lilongwe ndimapikula moboola m'thumba, koma apa akuti madola 4 basi." Pa fonipo panali chithunzi cha pa Alibaba, msika wa pa intaneti wa ogulitsa katundu a ku China: chikwama cha mwana wasukulu, chofiira, cha matumba atatu. Phindu la zikwama 500 anali atawerengera kale, ndipo m'maganizo mwawo malata a nyumba anali atakhomedwa.

Ndagwira ntchito yoombola katundu pa kasitomu zaka zambiri ndisanabwerere kuno kwathu ku Salima, ndiye zithunzi zoterezi si zachilendo kwa ine. Sindinawagwetse ulesi mayiwo. Kuoda katundu ku China ndi geni yeniyeni, ndipo ilipo mizere ya mashopu m'matauni athu imene inamangidwa ndi geni imeneyi. Ndinangowakokera mpando n'kutenga pepala ndi cholembera, chifukwa madola 4 aja ndi mtengo wa chikwama chikadali kwawo, chisanaone sitima, chisanaone a MRA.

Funso loyamba kwa wogulitsa ndi lakuti mtengo wakewo ukuthera pati. Akalemba EXW, ndiye kuti katundu mukamutengere nokha pakhomo la fakitale, ndipo galimoto yopita naye ku doko komanso mapepala otulutsira katundu m'dziko la China zonse n'zanu. Akalemba FOB, iye amufikitsa pa doko, kaya la Shenzhen, la Guangzhou kapena la Ningbo, n'kumukweza m'sitima, basi wasamba m'manja. Akalemba CIF, walipirira sitima ndi inshulansi mpaka doko limene mwagwirizana. Ambiri timapusira apapa. Nyanja yathu ya ku Senga Bay ija sifika ku China. CIF Dar es Salaam kapena CIF Beira ndiye kuti katundu watsitsidwa m'dziko la eni, ndipo ulendo wa pamsewu wodzera ku Songwe, ku Dedza kapena ku Mwanza ukadali pamutu panu. Wotsikira ku Nacala amatha kubwera pa njanji kulowera ku Nayuchi. Kawirikawiri kachigawo ka pamtundaka kamadya ndalama zofanana ndi za ulendo wonse wa panyanja, mwinanso kuposa.

Zikwama 500 sizingadzaze kontena. Kontena yaing'ono ya mafiti 20 imalowa katundu wa ma CBM pafupifupi 28 akaipakira bwino, ndipo CBM imodzi ndi malo a mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi, mita imodzi msinkhu. Wa katundu wochepa amaphatikizana ndi anzake m'kontena imodzi, aliyense n'kulipira malo amene watenga. N'chifukwa chake ndinawauza mayiwo kuti afunse kukula kwa katoni asanafunse za mitundu ya zikwama. Yankho linabwera: masentimita 50 ndi 40 ndi 40, zikwama 20 m'katoni. Katoni yotere ndi CBM 0.08, ndipo makatoni 25 ndi ma CBM awiri.

"Nanga pandege, achimwene? Si amati sabata imodzi wafika?"

Amafikadi msanga, koma a ndege ali ndi masikelo awiri. Amayeza kulemera kwenikweni, kenako amachulukitsa mbali zitatu za katoni m'masentimita n'kugawa ndi 6,000, ndipo amakulipiritsani nambala imene yakula. Katoni yathu ija, ngakhale italemera makilogalamu 9 pasikelo, iwo aiwerengera makilogalamu 13 ndi kakang'ono. Ndege ndi ya tinthu tating'ono todula, monga zipangizo zokonzera mafoni. Zikwama, nsapato ndi zidole zimalipira mphepo.

Tsopano msonkho. A MRA sawerengera pa mtengo wa ku fakitale wokha. Amaphatikiza mtengo wa katundu, inshulansi ndi zonyamulira, ndiye pa chiwerengero chimenecho amaikapo msonkho wolowetsera katundu. Kukula kwake kumatengera nambala ya HS, nambala imene katundu aliyense ali nayo m'buku la misonkho, ndipo zinthu ziwiri zooneka zofanana zimatha kukhala pa manambala osiyana. Katundu wina ali ndi msonkho winanso wa excise. VAT imabwera pomaliza, pamwamba pa zonsezo, kutanthauza kuti mumalipira VAT ngakhale pa msonkho umene mwalipira kale. Izi zimawawa koma ndi mmene lamulo lilili. Milingo imasintha ndi bajeti ya boma, choncho ejenti wanu woombola katundu pa kasitomu akuuzeni ya tsiku limenelo musanatumize ndi dola imodzi yomwe.

Pa pepala lija tinangoyerekeza. Zikwama 500 pa madola 4 ndi madola 2,000. Tinene kuti kunyamula ndi inshulansi ndi madola 300 pa CBM, ndiye 600, zonse 2,600. Tinene kuti msonkho ndi 25 peresenti, ndiye 650, tafika 3,250. VAT, ngakhale titaiwerengera pa 16.5 peresenti imene tinaizolowera zaka zambiri, ndi madola 536. Tafika 3,786. Onjezanipo za ejenti, za ku banki, zotsitsa ndi zosungira katundu, ndi galimoto yochoka ku Lilongwe kutsika msewu wa M14, mukhala mwafika pa 4,000. Chikwama cha madola 4 chija chasanduka cha madola 8. Ndipo zikwama 25 zikapezeka zong'ambika kapena zazipi yosatseka, zotsalazo zikusenza mtolo wa zinzake, chilichonse chili pa madola 8.42. Phindu simunaikepo.

Mayiwo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye mwenye uja sikuti amatibera kwambiri eti?" Tinaseka. Pa katundu wochepa, nthawi zina wopikulitsa wa ku Lilongwe kapena wa ku Kariakoo ku Dar es Salaam amakhala wotchipa kuposa kuoda nokha, chifukwa iye amabweretsa makontena athunthu. Kudziwa zimenezi pa pepala n'kotchipa kusiyana n'kudziwira pa mpamba.

Wogulitsa wina adzakuuzani mokoma mtima kuti akulemberani invoisi yotsika kuti msonkho uchepe. Mukane. Ofesala wa kasitomu amaona zikwama tsiku ndi tsiku ndipo mitengo yake amaidziwa. Akakaikira, amaika mtengo wake, n'kuwonjezera chindapusa, katundu ali chikhalire mosungira momwe mukulipira tsiku lililonse. Komanso katundu akaonongeka panjira, a inshulansi adzakubwezerani za pa invoisi yabodza yomweyo.

Koma chimene chagwetsa anthu ambiri masiku ano si msonkho, ndi dola. Wa ku China safuna kwacha. Mumapita ku banki ndi proforma invoice (pepala la mitengo limene wogulitsa amakutumizirani musanalipire), TPIN yanu (nambala yanu ya msonkho ya ku MRA) ndi mapepala a bizinesi, n'kulowa pamzere wodikira ndalama zakunja, ndipo mzerewo tonse tikudziwa mmene ukuyendera. Pamene mukudikira, kwacha siikudikirani. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chizolowezi cha mafakitale ambiri n'chakuti mumapereka 30 peresenti poyamba, 70 peresenti katundu akapangidwa. Taganizani munthu amene anapereka gawo loyamba mu Okutobala chaka chimenecho, n'kutsala ndi madola 1,400. Anagona akuwerengera K1,652,000, n'kudzuka akufunika K2,380,000. Kusiyana kwa K728,000 kumeneko sikunali m'buku lake. N'chifukwa chake ndimakana munthu akamati aoda ku China ndi ndalama za katapila kapena za banki m'khonde zobweza pakutha pa mwezi. Ndalama ya geni imeneyi imagona panjira miyezi iwiri kapena itatu isanabale tambala. Ndipo katundu akafika, mtengo wogulitsira muziutengera pa dola imene mudzagulire katundu wotsatira, osati imene munagulira uyu. Mukapanda kutero shopu imagulitsa bwinobwino, makasitomala akukuyamikirani, pamene mashelefu akunka naphwa.

Za wogulitsa mwiniyo. Ambiri amene ali pa Alibaba si mafakitale, ndi makampani ogula ku fakitale n'kugulitsa. Si choipa, kwa wa katundu wochepa n'kothandizanso, chifukwa fakitale imafuna muode zambiri nthawi imodzi. Chofunika n'kudziwa amene mukuyankhula naye. Pemphani chiphaso chake cha bizinesi. Cha ku China chimakhala ndi nambala ya zilembo 18, ndipo dzina la kampani limene lili pamenepo lifanane ndi la pa invoisi komanso la pa akaunti ya ku banki. Muimbireni vidiyo pa WeChat akuyendetseni m'nyumba yosungira katundu. Kumbukirani kuti iwo ali patsogolo ndi maola 6: ikamakwana 12 koloko masana kuno, kumeneko akuweruka. Chitetezo cha Trade Assurance chimagwira ntchito pokhapokha mutalipirira mkati mwa Alibaba momwemo. Akakukokerani kunja kuti akuchotserani pang'ono, mwatuluka m'khola nokha.

Bambo wina wa ku Nkhotakota, amene ankaoda mapampu othirira mpunga, anachitapo malonda kawiri ndi kampani ina popanda vuto. Ulendo wachitatu analandira imelo yooneka ngati ya kampani yomweyo, yonena kuti akaunti yasintha, atumize ku ina. Anatumiza. Patapita sabata, eni ake enieni anafunsa kuti ndalama zili kuti. Adilesi ya imeloyo inasiyana ndi yeniyeni ndi chilembo chimodzi chokha. Ndalama zinalowa m'madzi. Kuyambira pamenepo aliyense ndimamuuza kuti akaunti ikasintha, aimbe foni pa nambala yakale, amve mawu a munthu amene amamudziwa.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chithunzi si katundu. Itanitsani sampulo, ngakhale kutumiza kwake kudule kuposa chinthucho, ndipo muisunge. Anthu amati za ku China n'zosalimba, koma ku China amapanga za mitengo yonse, ndipo amakupatsa za ndalama zako. Ukamukakamiza kwambiri wogulitsa kuti atsitse, sakana, amangochepetsa nsalu, n'kuika zipi ya pulasitiki ndi ulusi wofooka. Ndiye lembani zonse m'mgwirizano: mtundu wa nsalu, kukula, zipi, kapakidwe. Ngati n'zamagetsi, nenani kuti pulagi ikhale ya mano atatu amakona ngati yathu ino, apo ayi mudzalandira makatoni a zinthu zosalowa pakhoma lililonse la m'Malawi. Kunonso n'kotentha. Nsapato zomata ndi guluu wotchipa, zikakhala pa benchi dzuwa la Okutobala la ku Salima, zimayasama zisanavalidwe. Musanapereke 70 peresenti yotsala ija, wina akatsegule makatoni angapo ndi kufananitsa ndi sampulo. Alipo makampani amene ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo malipiro awo ndi ochepa poyerekeza ndi katundu wosagulika.

Palinso katundu amene salowa chilowelowe. A Malawi Bureau of Standards amayeza zambiri zolowa m'dziko, zipangizo zolumikizirana zimafuna chilolezo cha MACRA, mankhwala cha PMRA. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa zinthu zingapo, kuphatikizapo machesi, timitengo totokosera m'mano ndi mipando yamatabwa. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, maukonde a monofilamenti ndi oletsedwa ngakhale atchipe bwanji. Ndipo amene mukufuna nyali za asodzi a usipa, dziwani kuti mabatire a lithium a ndege amawatenga ngati katundu woopsa, ali ndi malamulo ndi mtengo wakewake.

Ambiri masiku ano amadzera kwa anthu otolera katundu ku Guangzhou ndi ku Yiwu, amene amati perekani zakuti pa kilogalamu kapena pa CBM, mukangotenga ku Lilongwe, msonkho uli momwemo. Kwa woyamba kumene njira imeneyi imapeputsa mutu, ndipo ndimaivomereza. Koma funsani kuti katundu akasowa kapena akanyowa alipira ndani, ndipo akupatseni pepala losonyeza kuti msonkho unaperekedwa. Tsiku limene adzakuimitseni pa rodibuloko, adzafunsa inu, osati wa ku Guangzhou. Mayeso oyamba akhale katoni imodzi kapena ziwiri.

Tinamaliza ndi kalendala. Chaka chatsopano cha ku China chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi pakati pa Febuluwale, ndipo mafakitale amatseka masabata angapo, antchito atapita kumidzi kwawo. Kumayambiriro kwa Okutobala amapumanso sabata yathunthu. Zikwama zimayenda malonda sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala, ndiye woziodera nthawi imeneyo amayenera kuyamba mu Meyi. Ife tinali kukambirana mu Julaye.

Za Sepitembala mayiwo anakapikulabe ku Lilongwe. Koma anaitanitsa masampulo atatu kwa ogulitsa atatu, n'kugwirizana ndi anzawo awiri, wina wa ku Chipoka, wina wa ku Khombedza, kuti adzaphatikizane pa oda ya temu ya Januwale. Nditadutsa kwawo mwezi watha ndinapeza zikwama zitatuzo zili lende pa nthambi ya mango kuseri kwa nyumba, m'chilichonse muli njerwa zinayi. Chofiira chija lamba wake anali atathothoka kale tsiku lachitatu. Ziwiri zinazo zinali zikadalendewera, ndipo mdzukulu wawo anapatsidwa ntchito yotsegula ndi kutseka zipi maulendo 20 m'mawa uliwonse asanapite kusukulu.