Kuphimba heat pump ndi pulasitiki sikuletsa dzimbiri

Amalawi ambiri ogwira ntchito m'nyumba za mabwana kuno ku Johannesburg amakhulupirira kuti heat pump (makina a magetsi otenthetsera madzi kapena m'nyumba) ikaphimbidwa ndi pulasitiki siichita dzimbiri. Kuno nyengo yozizira imakhala youma, choncho vutolo silioneka msanga. Koma bwana akakutumani kunyumba yawo ya ku Durban, musayerekeze. Mphepo ya kunyanja imabwera ndi mchere, ndipo pulasitikiyo imangotsekera chinyezi m'kati, timalata topyapyala ta aluminiyamu ta m'makinawo n'kuyamba kudyeka. Komanso makinawa amakoka kutentha mumpweya wakunja, ndiye mukawaphimba amabanika.

M'malo mowaphimba, zimitsani magetsi kaye, chotsani masamba, kenako tsukani mcherewo ndi madzi apampopi oyenda pang'onopang'ono, chifukwa amphamvu amapinda timalatato. Madzi akamadontha pansi makinawo akuyenda musadabwe, ndi chinyezi chabe.