Mmene lantana anachokera pampanda n'kulowa m'nkhalango za ku Dedza

Lantana si chomera chakuno. Kwawo ndi ku Central ndi South America. Azungu anakopeka ndi timaluwa take tachikasu, tofiira ndi tapinki, anamutengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, kenako anayamba kumubzala m'maiko amene ankalamulira. Pofika 1858 n'kuti ali kale ku Cape Town. Kuno anafika ngati duwa lokongoletsa pakhomo, ndipo anthu anamukonda chifukwa amapanga mpanda msanga: nthambi zake zili ndi timinga tokhota, mbuzi imaganiza kawiri isanaboole.

Amene anamutulutsa pampanda ndi mbalame. Apumbwa amadya tizipatso take takuda n'kukataya njere komwe akatera, ndipo njere yodutsa m'mimba mwa mbalame imamera bwino kuposa yogwa yokha pansi. Komabe m'nkhalango ya mthunzi wothithikana lantana sakula bwino. Amafuna pamalo poti pang'ambika, dzuwa likufika pansi.

Apa ndi pomwe mbiri ya nkhalango zathu imalowa. Chongoni inakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma m'zaka za m'ma 1920, ndipo pambuyo pake mbali zina za Chongoni ndi phiri la Dedza anazibzala paini wochokera ku Mexico. Paini akadulidwa osabzalanso msanga, moto wolusa ukadutsa, kapena mitengo ya mombo ndi tsamba ikapita ku makala, pamatsala bwalo. Lantana amalowa pomwepo, amayanga n'kuphimba mphukira za mitengo ya masuku ndi ya mchenga, udzu wofolera ndi wodyetsa ziweto n'kutha. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimaonongeka, maso amachita chikasu, khungu loyera limasupuka padzuwa. Zipatso zake zosapsa ndi zoopsa kwa ana.

Kwa zaka zambiri nkhalango inali "ya a folesiti", ndipo munthu wa m'mudzi sankaona chifukwa cholimbana ndi tchire la eni ake. Lamulo la nkhalango la 1997 linasintha zimenezi polola midzi kukhala ndi nkhalango zawo pansi pa mafumu, komanso kusamala nkhalango za boma mogwirizana ndi dipatimenti ya nkhalango. M'menemo ndi m'mene makomiti a zachilengedwe a m'midzi anapezera mphamvu yomema anthu kudzagwira ntchito yongodzipereka. Mkangano sunathe: wina akuti mpanda wake wa lantana umamutetezera dimba, komiti ikuti mpanda womwewo ndiwo nkhokwe ya njere. Onse akunena zoona, koma mpanda ungalowedwe m'malo ndi nkhadze kapena khonje, pomwe nkhalango ilibe cholowa m'malo.

Magulu ambiri amagwa ulesi chifukwa chongotchetcha. Kusenga ndi chikwanje kumamulimbikitsa lantana. Chitsa chimodzi chimatulutsa mphukira zambiri kuposa poyamba. Kuotcha nakonso sikupha chitsa, kumangopha timitengo tomwe timafuna kupulumutsa.

Nthawi yabwino yomuzula ndi mvula ikalowa m'nthaka, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Muyambire pomwe lantana ndi wapatalipatali n'kumapita kothithikana, apo ayi kumbuyo kwanu kudzadzaza mukadali pakati pa chitsamba chachikulu. Dulani nthambi cha m'mabondo kuti patsale pogwira. Kumbani ndi khasu kapena piki kuzungulira tsinde, dulani mizu yam'mbali, yomwe siipita pansi kwenikweni, kenako tukulani chitsa chonse pamodzi ndi mfundo yomwe tsinde limakumanirana ndi mizu. Mfundo imeneyo ikatsala, ntchito yonse yapita pachabe. Anthu awiri pa chitsa chimodzi amafulumira: wina akukoka, wina akudula. Malaya a manja aatali ndi magolovesi n'zofunika, popeza masamba ake amayabwa.

Chitsa muchigadamitse pamwala, mizu kuloza kumwamba. Nthambi musazisiye pa dothi lonyowa, zimagwira mizu pomwe zakhudza pansi. Pamalo otsetsereka kwambiri musalambule ponse nthawi imodzi. Siyani mizere yopingasa, mudzaichotse udzu ukagwira pomwe munazula, kuti madzi asakokolole nthaka.

Njere zimakhala zamoyo m'nthaka zaka zingapo, ndipo dzuwa likangofika pansi zimamera ngati nazale. Choncho gulu libwererenso pakatha miyezi itatu kapena inayi iliyonse, kwa zaka zosachepera zitatu. Timbande tosafika chikhatho timazuka ndi manja okha, ndipo pozula muyang'anitsitse kuti musazulire limodzi kamsuku komwe kangoyamba kutulutsa masamba.